Mwana Akaulula Kuti Wagwiriridwa: Zoyenera Kuchita Kuyambira Ola Loyamba

Nkhani yoti mwana wagwiriridwa kawirikawiri imatulukira pa zinthu zazing'ono. Mayi akuchapa amaona timadontho ta magazi pa kabudula wamkati wa mtsikana amene sanathe msinkhu. Agogo amazindikira kuti mdzukulu wawo akuyenda motangadza ndipo akulira pokodza. Kapena mwana mwiniwakeyo, usiku nyali itazimitsidwa, amanena motsitsa mawu kuti asamatumidwenso kunyumba kwa amalume. Zimene munthu wamkulu angachite m'maola otsatira ndi zimene zimagamula ngati mwanayo atetezedwe ku kachilombo ka HIV ndi ku mimba, ngati umboni usungike, komanso ngati adzalimbenso mtima kuuza munthu zakukhosi kwake. Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana amene anachitika m'Malawi mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa atsikana 5 alionse, ndiponso mnyamata mmodzi mwa anyamata 7 alionse, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18, ndipo amene analandira thandizo anali ochepa kwambiri. Malangizo awa ndi a kholo, mphunzitsi, mnansi kapena wachibale aliyense amene nkhaniyi yamufikira, ndipo ambiri mwa malangizowa ndi othandizanso kwa munthu wamkulu amene wagwiriridwa.

Choyamba, mvetserani ndipo musamale mawu anu oyamba

Mwana akayamba kufotokoza, siyani zimene mukuchita, khalani naye pansi pamalo poduka mphepo, ndipo dzigwireni mtima ngakhale m'mimba mukutentha. Musakuwe, musagwire m'mutu n'kuyamba kubuma pamaso pake, chifukwa mwana akaona kuti mawu ake agwetsa amayi ake amaganiza kuti walakwa ndi iyeyo, ndipo ambiri amabweza mawu pomwepo n'kunena kuti amangoseka. Zimene akufunika kumva ndi zachidule: "Wachita bwino kundiuza, mwanangu. Ndakumva ndipo ndikukukhulupirira. Iweyo sunalakwe chilichonse."

Pali mafunso amene amatuluka okha pakamwa pa kholo lodzidzimuka, ndipo onse ndi oyenera kuwameza: "Umakatani kumeneko?", "Bwanji sunakuwe?", "Masiku onsewa bwanji sumanena?" Munthu amene wagwidwa ndi mantha aakulu thupi limamuuma, mawu satuluka, ndipo zimenezi zimachitikira ngakhale akuluakulu amphamvu zawo. Komanso wogwiririra amakhala atamuopseza kale mwanayo kuti akaulula amupha, kapena amayi ake amwalira, kapena palibe amene adzamukhulupirire. Funso lomudzudzula limangotsimikizira mwanayo kuti munthu uja amanena zoona.

Mulekeni afotokoze m'mawu ake. Ngati waima, mungomufunsa kuti, "Kenako chinachitika n'chiyani?" Musamutchulire mayina a anthu kuti asankhepo, ndipo musamuikire mawu m'kamwa, popeza kukhoti woimira woganiziridwayo adzayesetsa kuonetsa kuti mwanayo anachita kuphunzitsidwa zonena. Pa chifukwa chomwecho, musamuimike pabwalo kuti abwereze nkhaniyo kwa azakhali, kwa agogo, kwa abusa ndi kwa aliyense wobwera kudzazonda. Kubwerezabwereza kumamupweteka, ndipo kumasokoneza zimene akukumbukira. Mukapeza mpata, tengani kope ndi cholembera, mulembe tsiku, nthawi ndi mawu enieni amene wanena, ngakhale atakhala mawu achibwana amene ana amatchulira ziwalo zawo. Kope limeneli lidzakuthandizani mpaka kumapeto kwa mlandu.

Mwana akakupemphani kuti musauze munthu, musamulonjeze zimene simudzasunga. Muuzeni zoona, kuti muuza anthu ochepa okha amene ntchito yawo ndi kuthandiza ana, ndiponso kuti inu mukhala naye limodzi konse kumene mupite.

Chachiwiri, onetsetsani kuti usiku umenewo agona potetezeka

Ngati woganiziridwayo amakhala m'nyumba yomweyo kapena pafupi, mwanayo asagonenso pamalo amene munthuyo angamufikire. Mutengereni kwa wachibale wodalirika amene sangathamange kukatsina khutu woganiziridwayo, ndipo ngati wotero palibe, auzeni achipatala kapena apolisi kuti mulibe kolowera, kuti akulumikizeni ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Musapite kukamufunsa munthuyo maso ndi maso, ndipo musamemeze anthu kuti akamumenye kapena kumuotchera nyumba. Mkwiyo wanu ndi womveka, koma wochenjezedwa amathawira ku Mozambique kapena ku Zambia usiku womwewo, ndipo kholo limene lavulaza munthu limakalowa m'chitokosi pa nthawi imene mwana akulifuna kwambiri.

Chachitatu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Pitani kuchipatala ngakhale ndi usiku, ngakhale ndi Lamlungu. Chifukwa chachikulu ndi mankhwala otchedwa PEP, amene amateteza munthu kuti asatenge kachilombo ka HIV. Mankhwalawa amathandiza pokhapokha akayambidwa pasanathe maola 72, omwe ndi masiku atatu, ndipo kufulumira kwake ndiye mphamvu yake. Masiku atatu sachedwa kutha pamudzi: loyamba limatha ndi kulira, lachiwiri ndi kudikira mwinimbumba kuti afike adzamve nkhani, lachitatu ndi kusakasaka ndalama ya kabaza, ndipo pofika lachinayi mwayi wapita. Achibale adzamva mukabwerako.

Musananyamuke, musamusambitse mwanayo ndipo musachape zovala zimene anavala. Ngati n'kotheka apite atavala zomwezo, inu mumunyamulire zina zoti akasinthe. Ngati wavula kale, kulungani zovalazo, pamodzi ndi chitenje kapena nsalu imene anagonekedwapo, m'pepala louma la khaki kapena mu envelopu yaikulu. Musaziike mu jumbo, chifukwa chinyontho cha m'pulasitiki chimaononga umboni. Musaitane amayi achikulire kuti amuone ndi zala ngati "waonongeka", ndipo musamutsuke ndi madzi otentha a mchere kapena kumuika mankhwala achikuda. Koma ngati wasamba kale, kapena zovala zachapidwa kale, zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo. Pitanibe, chifukwa moyo wa mwana ndi woposa umboni.

Kumene kuli malo otchedwa One Stop Centre, amene ambiri amawatchula kuti Chikwanekwane, pitani kumeneko. Malowa amapezeka pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso pa zipatala zina za m'maboma, ndipo ubwino wake ndi woti achipatala, apolisi, a chisamaliro cha anthu ndi opereka uphungu amagwirira ntchito pamodzi, kotero mwana sazunguliridwa naye m'maofesi ambirimbiri. Ngati kumeneko n'kutali, yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo iwo akuthandizani kapena kukutumizani koyenera. Mukafika musakhale pabenchi kudikira mzere wa odwala malungo. Pitani kwa namwino mumuuze chapansipansi kuti mwabwera ndi mwana amene wachitidwa nkhanza zogonana ndipo mutchule ola limene zinachitika.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chipatala sichingalandire wogwiriridwa popanda kalata ya kupolisi, ndipo chikhulupiriro chimenechi chadyera ana ambiri maola awo 72. Thandizo lachangu siliyenera kudikira kalata. Wina akakubwezani pa chifukwa chimenechi, pemphani mwaulemu koma molimba mtima kuonana ndi mkulu wa pachipatalapo kapena Ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo a odwala, ndipo nenani kuti kalatayo mukatenga mwana akalandira mankhwala.

Achipatala amuyeza mwanayo m'thupi, amuyeza magazi kuti aone ngati anali kale ndi kachilombo ka HIV, amupatsa PEP ngati alibe, mankhwala oteteza ku matenda ena opatsirana pogonana, ndi thandizo la mabala. Mtsikana amene watha msinkhu kapena ali pafupi kutero amapatsidwanso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi, amene amagwira bwino akamwedwa msanga ndipo malire ake ndi masiku 5. Muli ndi ufulu wopempha kuti mukhale naye m'chipinda choyezera ngati iye akufuna, ndiponso kufunsa ngati pali wachipatala wamkazi. M'zipatala za boma zonsezi n'zaulere. Onetsetsani kuti zimene apeza zalembedwa, ndipo funsani mmene lipoti la chipatala lifikire kupolisi.

PEP amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 28. Ena amamva nseru, mutu kapena kufooka m'masiku oyamba, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amasiyira panjira poganiza kuti mankhwala akumudwalitsa mwana. Musasiye, bwererani kuchipatala mukafotokoze. Sankhani nthawi imodzi yosaiwalika, monga pambuyo pa nsima yamadzulo, muzichonga tsiku lililonse m'kope lija, ndipo musaphonye masiku amene akuuzani kuti mubwerenso kudzayezetsa magazi.

Pali mfundo ina imene imasokoneza makolo ngakhalenso akuluakulu a m'mudzi. Nthawi zambiri dokotala sapeza bala lililonse pa mwana amene wachitidwadi nkhanza, chifukwa minofu ya malo amenewo imapola msanga, ndiponso nkhanza zina, monga kumugwiragwira mwana kapena kumukakamiza kugwira maliseche a munthu wamkulu, sizisiya chizindikiro. Mawu oti "sitinapeze bala" satanthauza kuti mwana wanama. Ndipo ngati nkhaniyo yaululika patapita sabata, miyezi kapena zaka, kuchipatala n'kofunikabe, popeza matenda opatsirana pogonana amachizika, mimba imafuna chisamaliro, ndipo kudziwa mmene magazi alili kumachotsa nkhawa kapena kumatsegula njira yoyambira mankhwala.

Chachinayi, kanenani kupolisi

Papolisi funsani nthambi ya Victim Support Unit, imene imaona za anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo musakambe nkhani yanu pakauntala pamene pali anthu odandaula za mbuzi zobedwa. Pemphani chipinda chapadera. Mwana apereke sitetimenti pali munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira, ndipo musanasaine kapena kudinda chala, pemphani kuti akuwerengereni zimene zalembedwa m'chinenero chimene mumamva. Lembani m'kope mwanu dzina la wapolisi amene akufufuza, nambala yake ya foni ndi nambala ya mlandu. Kudandaula kupolisi sikulipiritsidwa.

Tengani chilichonse chosonyeza zaka za mwana: chiphaso cha kubadwa, buku lake la kuchipatala kapena khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo, ngakhalenso kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu. Milandu yotere imatsamira kwambiri pa zaka. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 malamulo a milandu anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi, moti munthu wamkulu wogona ndi mwana wosakwana zaka 18, kaya wamkazi kaya wamwamuna, akhoza kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Zonena zoti "anavomera yekha" kapena "chinali chibwenzi" sizimuchotsera munthu wamkulu mlandu.

Mukaona kuti simukuthandizidwa, kapena wina akukukankhirani kuti mukakambirane kunyumba, musagwe ulesi. Onanani ndi mkulu wa polisiyo, pitani ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Nambala ya 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandiranso madandaulo otere, ndipo madandaulo okhudza apolisi eniake amapita ku Independent Complaints Commission.

Chachisanu, kanani zoti nkhani ithere pachibale

Pasanathe masiku ambiri kudzabwera anthu pakhomo panu. Adzafika mwaulemu, chisisira chitagwa, atatsogoza munthu wachikulire amene simungamunyoze, ndipo mawu awo adzakhala ofewa: "Zachitikazi ndi za Satana. Tonsefe ndi amodzi, tisaonetsane kupolisi ngati anthu osadziwana. Mwanayu tizimulipirira sukulu." Ena adzabwera ndi mbuzi kapena ndalama ya chipepeso, ndipo ngati mtsikanayo ali ndi pakati adzanena kuti mnyamatayo ndi wokonzeka kumukwatira.

Yankho lake n'limodzi, ndipo mukhoza kulipereka mosakweza mawu: "Takumvani, koma nkhaniyi ili m'manja mwa boma, ife tilibenso mphamvu pa iyo." Zimenezi n'zoona, chifukwa kugwiririra ndi mlandu wa boma, ndipo bwalo la mfumu, ankhoswe kapena akulu a mpingo alibe mphamvu youweruza. Ntchito ya mfumu yabwino pa nkhani yotere ndi kuteteza banja lodandaula kuti lisaopsezedwe ndi kuthandiza apolisi kupeza woganiziridwa. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, umboni woti ufumu ndi kuteteza ana siziwombana. Kukwatitsa mtsikana kwa amene wamugwiririra n'kumupereka kuti azigwiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa ndi malamulo.

Chovuta kwambiri, ndipo sindikuchipeputsa, ndi pamene wolakwayo ali bambo wa pakhomopo, bambo omupeza, kapena mchimwene amene amagula ufa ndi kulipira lendi. Mayi amayang'ana ana ena anayi n'kudzifunsa kuti adya chiyani munthuyu akamangidwa. Mantha amenewa auzeni a chisamaliro cha anthu mosabisa, kuti aone thandizo limene lingapezeke ndi achibale amene angagwirepo dzanja. Koma dziwani kuti munthu amene wasiyidwa osalangidwa kawirikawiri amabwerezanso, ndipo wotsatira amakhala mng'ono wake wa mwana yemweyo. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaika udindo wokanena pa achibale, osamalira ana, achipatala ndi anthu a m'dera, kotero kubisa nkhani yotere nakonso n'kulakwira lamulo.

Chachisanu ndi chimodzi, utsatireni mlandu

Munthu akamangidwa amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo khoti likhoza kumupatsa belo. Mukamuona akuyenda pamsika musaganize kuti mlandu watha kapena kuti wagula apolisi; belo ndi kudikirira mlandu uli kunja, ndipo kawirikawiri amalamulidwa kuti asasokoneze mboni. Iye kapena abale ake akakuopsezani, lembani tsiku ndi mawu ake, mukauze wofufuza ndi woimira boma pa mlanduwo, chifukwa belo ikhoza kulandidwa.

Simukufunika kulemba loya wanu, popeza woimira boma ndi amene amazenga mlanduwo, koma uphungu wa zamalamulo mungaupeze ku Legal Aid Bureau kapena ku Women Lawyers Association. Milandu imaimitsidwaimitsidwa, ndipo yambiri imafa chifukwa mboni zatopa ndi maulendo. Nthawi iliyonse musachoke pakhoti musanadziwe tsiku lotsatira. Pemphani woimira boma kuti apemphe khoti kuti mwana apereke umboni popanda chigulu cha anthu, ndipo pomukonzekeretsa musamuloweze zonena. Muuzeni kuti anene zimene akukumbukira, ndipo chimene sakuchidziwa anene kuti sakuchidziwa. Dzina lake, chithunzi chake ndi sukulu yake zisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ngakhale cholinga chanu chitakhala chofuna chilungamo, chifukwa zolembedwa pa intaneti adzazipeza akadzakula. Zikachitika kuti khoti lamumasula munthuyo chifukwa umboni sunakwane, muuzeni mwanayo momveka kuti inu mukumukhulupirirabe, ndipo pitirizani kumutalikitsa kwa munthuyo.

Chachisanu ndi chiwiri, samalirani bala la mumtima

Mabala a m'thupi akapola, ena amayamba kuonekera. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona amayambiranso, amadzidzimuka kutulo, amakana kudya, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, amatsika m'kalasi, kapena amachita masewera okhudza kugonana osayenera msinkhu wake. Kumukwapula pa zimenezi n'kuthira mchere pachilonda. Chimene chimathandiza ndi moyo wa masiku onse wosasinthasintha: kudya pa nthawi yake, kubwerera kusukulu akakonzeka, kusewera ndi anzake, ndi munthu mmodzi wamkulu amene amamumvetsera akafuna kulankhula koma samukakamiza. Musamutche "woonongeka", ndipo wina aliyense pakhomopo asamutche choncho.

Pitirizani kupita naye kwa opereka uphungu ku Chikwanekwane kapena kuchipatala cha boma, kumene kumakhala anamwino oona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a Saint John of God amene amathandiza pa nkhani za maganizo. Akayamba kunena zoti kuli bwino kufa, kapena kudzicheka, musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kusukulu uzani mphunzitsi wamkulu kapena mphunzitsi mmodzi wodalirika basi. Mtsikana amene watenga pakati ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akabereka malinga ndi ndondomeko ya unduna wa zamaphunziro, ndipo amayi a mother group a pasukulupo amathandiza kuti zimenezi zitheke.

Anyamata amabisa kwambiri kuposa atsikana, poopa kusekedwa kuti si amuna kapena kunamiziridwa zina, choncho mnyamata akaulula, mulandireni ndi mawu omwe aja ndipo mupite naye kuchipatala mwachangu chomwecho. Mwana wolumala, makamaka wosamva, wosalankhula kapena wa nzeru zochedwa, ndi amene ogwiririra amamusankha podziwa kuti sadzatha kufotokoza; pemphani womasulira chinenero cha manja kapena mphunzitsi wake kuti athandize.

Kwa munthu wamkulu amene zinamuchitikira dzulo kapena zaka 20 zapitazo, thandizo la chipatala ndi la uphungu lilipo ngakhale asanaganize zokanena kupolisi. Ngati mnzanu wakuululirani zotere, muperekezeni, mufotokozereni za maola 72, koma chiganizo chokanena chikhale chake, pakuti munthu amene analandidwa ufulu pa thupi lake sayenera kulandidwanso ufulu pa nkhani yake. Inunso kholo, amene mwina mukudziimba mlandu usiku uliwonse kuti munamutumiranji mwana tsiku lija, mukhoza kupempha uphungu; wolakwa ndi amene anachita chinthucho.

Kutseka mipata zisanachitike

Nkhanga zinapangana kusanapse. Ogwiririra ana ambiri si alendo obisala m'tchire. Ndi anthu odziwika, amene amayamba ndi kukoma mtima. Amamugulira mwana mandasi, mayunitsi kapena sopo, amamupatsa lifiti pa njinga yamoto, amamuyamikira kuposa ana ena, amazoloweretsa makolo kuti azimusiya naye yekha, kenako amayamba kumugwira ngati akusewera n'kumuuza kuti ndi chinsinsi chawo. Choncho mwana akabwera ndi chinthu chimene inu simunamugulire, funsani modekha kumene chachokera, ndipo munthu wamkulu aliyense amene amakonda kupatula mwana mmodzi kwa anzake mumuyang'anitsitse, kaya ndi mphunzitsi, mtsogoleri wa kwaya, mlamu kapena mwininyumba.

Phunzitsani ana kuyambira ali aang'ono kuti ziwalo zimene zimabisika ndi kabudula wamkati ndi zawo, kuti palibe wololedwa kuzigwira, kuziona kapena kuzijambula kupatula pomusambitsa ali wamng'ono kapena kuchipatala kholo lili pomwepo, ndiponso kuti chinsinsi chilichonse chokhudza thupi n'choyenera kuulula. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana kumvera wamkulu aliyense, ndipo ulemu ndi chinthu chabwino, koma mwana ayenera kumva kuchokera pakamwa panu kuti pa nkhani ya thupi lake akhoza kukana, kuthawa ndi kunena, ngakhale munthuyo atakhala agogo ake. Muthandizeni kutchula anthu atatu amene angawauze, mmodzi akhale wa kunja kwa banja.

Kenako yang'anani mmene tsiku la mwana limayendera, muone pamene amakhala yekha. Mlendo wamwamuna asagonekedwe m'chipinda cha ana chifukwa choti nyumba ndi yochepa. Kuchigayo, kumjigo ndi kunkhuni ana azipita awiri kapena atatu. Mwana asatumidwe kukagulitsa zitumbuwa kapena mazira m'malo omwera mowa dzuwa litalowa, ndipo maphunziro apadera azichitikira pamalo oonekera, osati kuchipinda kwa mphunzitsi. Pa maliro, pa zikwati ndi pa mapemphero a usiku wonse, pamene akuluakulu onse atanganidwa, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kudziwa kumene ana agona. Atsikana amene amachita lendi pafupi ndi sekondale chifukwa kwawo n'kutali aziyenderedwa pafupipafupi, chifukwa njala ndi kusowa sopo ndi zimene anthu oipa amalowerapo. Pa nthawi ya ngozi, monga mmene zinalili m'misasa ya anthu othawa namondwe wa Freddy mu 2023, uzani ana ndi amayi kuti thandizo ndi laulere ndipo wofuna thupi posinthana ndi thumba la ufa ayenera kunenezedwa. Miyambo yokakamiza atsikana kugonana, monga kusasa fumbi ndi fisi, ndi yoletsedwa ndi lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa anamkungwi zimene mwana wake akaphunzitsidwe kuchinamwali.

Wina akabwera kumudzi kudzapempha mwana kuti akagwire ntchito ya m'nyumba m'tauni, kuesiteti ya fodya kapena ku Joni, n'kulonjeza sukulu ndi malipiro abwino, dziwani kuti umu ndi mmene kuzembetsa anthu kumayambira. Lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwewu limapereka chilango chofika zaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo kuvomera kwa makolo sikumupulumutsa. Ngakhale wopemphayo ali wachibale, dziwani nyumba yeniyeni kumene mwana akukakhala, sukulu imene akalowe, ndipo muzilankhula ndi mwanayo payekha, osati pa foni yogwiridwa ndi abwana ake.

Foni nayo ndi khomo lolowera m'nyumba. Munthu amadzionetsa ngati mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu womwewo pa Facebook, TikTok kapena WhatsApp, amapempha chithunzi cha maliseche, ndipo akachilandira amayamba kuopseza kuti achimwaza ngati sapatsidwa china kapena ndalama. Uzani ana anu lero kuti zoterezi zikawachitikira simudzawamenya kapena kuwalanda foni, chifukwa kuopa chilango ndi kumene kumawapangitsa kupitiriza kumvera woopsezayo. Zikachitika, musatumize ndalama, musafufute mauthenga, lembani nambala ndi dzina la akauntiyo, ndipo kanenani kupolisi, pakuti lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limaletsa kujambula, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Chithunzicho musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa mlongo wanu pofuna kumuonetsa umboni. Apolisi adzachiona pa foni yomweyo. Palinso tsamba la Take It Down, limene limathandiza kuti zithunzi za ana osakwana zaka 18 zichotsedwe pa masamba monga Facebook, Instagram ndi TikTok popanda chithunzicho kuchoka m'foni mwanu.

Ngati mwana amene mukumukayikira si wanu, ndi wa anansi kapena wantchito wa pakhomo loyandikana nalo, simukufunika kukhala ndi umboni wonse musanalankhule, chifukwa kufufuza ndi ntchito ya ena. Imbani 116, kapena uzani woteteza ana wa m'dera lanu kapena a Victim Support Unit zimene mwaona ndi maso anu ndi zimene mwamva ndi makutu anu, tsiku lake ndi malo ake, ndipo pemphani kuti dzina lanu lisatchulidwe. Pakatha masiku angapo osaona kanthu, imbaninso mufunse pamene nkhaniyo yafika.